Kodi lichero lingalalikire? Thandizeni maganizo

NachisaleWaChinamwali
Abale, ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima. Lachinayi lapitali ku Mvano inali nthawi yanga yogawa mawu. Ndinasankha Luka 22:31, paja Ambuye akuuza Simoni kuti Satana wapempha kuti awapete ngati tirigu. M'mawa wa tsikulo ndinali pakhonde kupeta mpunga wa ku Chilwa, uja wokoma fungo koma wodzadza timiyala. Ndiye ndinaona kanthu. Mankhusu savuta, ukangoponya kawiri katatu mphepo yatenga. Koma pali timiyala toyera tofanana ndendende ndi mpunga. Timeneto lichero silichotsa. Umachita kukhala pansi, kutambasula miyendo, n'kumatola ndi chala kamodzikamodzi, ndipo kena kamakuzembabe mpaka kukakumana ndi dzino la bambo a kunyumba. Ndinawauza azimayi anzanga kuti machimo ena ali choncho. Kuledzera ndi kutukwana aliyense amaona. Koma kaduka, kunyada ndi miseche yoyamba ndi "tiyeni timupempherere uje" zimavala yunifolomu yoyera ngati ife tomwe. Azimayi anaseka, ena anagwedeza mutu. Titatuluka, mayi wina wamkulu anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mwanawe, tsiku lina uzitipatsa Baibulo, za kukhitchini kwako uzisiya kunyumba." Kunena zoona ndinabwerera wofooka. Kodi ndinalakwa?

KabazaWaSongani
Mayi simunalakwe. Kamwala kamawapweteka dzino amenewo basi.

MlongoWaMatawale
Kkkk a Kabaza inu. Komabe tisafulumire kuweruza munthu yemwe sali pagulu pano.

WophunziraZaubusa
Mayi Nachisale, ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima. Ngati za kukhitchini zili zoletsedwa ndiye tichotse masamba ambiri m'Baibulo. Mateyu 13:33 ndi mayi akusakaniza chotupitsa mu ufa. Luka 15:8 ndi mayi wataya ndalama, wayatsa nyale, akusesa m'nyumba. Chigamba chatsopano pa chovala chakale, mchere, nyale yovundikira, nkhuku yofungatira anapiye, zonsezi zinatuluka pakamwa pa Yesu mwini. Yeremiya sanapatsidwe uthenga wa chaputala 18 ali m'kachisi, anauzidwa kuti atsikire kunyumba ya woumba mbiya akaone dothi likuwonongeka m'manja. Amosi anaonetsedwa dengu la zipatso. Miyambo 6:6 imatumiza waulesi kukaphunzira kwa nyerere.

Koma poti mwafunsa moona, ndikuuzaninso pomwe ine ndakayikira. Pa vesi munawerengayo wopeta ndi Satana, ndipo cholinga chake si kuyeretsa mpunga, ndi kugwedeza ophunzira mpaka atayike. Mtima wa ndimeyo uli pa vesi 32, pomwe Ambuye akuti amupempherera Simoni kuti chikhulupiriro chake chisathe, ndipo akadzabwerera akalimbikitse abale ake. Inu munatenga liwu loti kupeta n'kupita nalo kwina. Fanizo lanu ndi labwino zedi, koma linakwera minibasi ina, vesi linakwera ina. Mukanaliyika pa Salmo 139:23-24, paja Davide akupempha Mulungu kuti amusanthule, likanakhala pakwawo.

NachisaleWaChinamwali
Eee abusa a mawa, apa ndiye mwandigwira. Vesi 32 sindinaliwerenge n'komwe.

MwanaWaChirunga
Ine ndiima ndi mayi wamkuluyo pang'ono, mundikhululukire. Vuto lathu Akhristu a masiku ano ndi loti chilichonse tikufuna chikhale ulaliki. Magetsi azima, wina walemba kale pa WhatsApp kuti dziko lili mumdima. Minibasi yafera pa Namadzi, wina akuti Mulungu amatipewetsa ngozi kutsogoloku. Ayi bambo, galimotoyo sinapite ku sevisi chaka chonse. Mnzanga wina anafeluka mayeso kawiri n'kumati ndi chipululu chake ngati Aisraeli, pomwe laibulale sankadziwa n'komwe kuti chitseko chake chili mbali iti. Zinthu zina ndi zinthu basi.

KabazaWaSongani
Achimwene a ku Chanco, inu mumayenda pa msewu wa phula. Tsikani kaye ndi kasitomala wonenepa pa mtsetse mabuleki atatha, muona ngati simupeza phunziro.

MwanaWaChirunga
Phunziro lake ndi loti mugule mabuleki.

KabazaWaSongani
Ndinagula. Koma ndinapempheranso.

MsodziWakaleKachulu
Ndalowa mochedwa, foni inali kotchaja. Ine sukulu sindinapite nayo patali koma za mpunga wa ku Chilwa zandikumbutsa kwathu. Ana inu a m'tauni mumangodya matemba, nyanjayo simuidziwa. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe ndi ina, ndiye ndi yosaya. Mvula ikavuta zaka zotsatana imaphwa. Bambo anga ankasimba za 1968. Ine ndi maso angawa ndinaona ya 1995, ndi ya 2018 ndinaionanso. Mu 1995 bwato langa linakhala pa dothi long'aluka ngati chidendene cha nkhalamba. Ku Chisi anthu ankapita wapansi. Ine ndinagulitsa maukonde, ndinati usodzi watha, ndinayamba kuumba njerwa ku Jali.

Chomwe sindinkadziwa bwino ndi choti nsomba sizinathe zonse. Zina zinathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje, milamba ina inabisala m'matope a m'madambo. Madzi atabwerera, zomwezo ndi zomwe zinadzazanso nyanja. Amene anasunga maukonde awo anayamba kupha, ine ndili kugwira ganyu pa bwato la mwana yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kupalasa.

Mkazi wanga atamwalira pemphero linauma m'kamwa mwanga pafupifupi chaka. Kutchalitchi ndinkapita koma ngati chitsa. Chinandigwira ndi chomwechi, ndinkadziuza kuti mkulu iwe, usagulitsenso maukonde. Ndinkangonena Atate Wathu basi, m'mawa ndi madzulo, osamva kalikonse. Kaiwe kanga kanali kameneko. A Chirunga, mwina munganene kuti nyanja ndi nyanja basi. Komatu ine ndi yomwe inandisunga.

MwanaWaChirunga
Agogo, pamenepo sinditsutsa. Inu simunauze munthu kuti nyanja yaphwa chifukwa cha iyeyo. Munadzitengera nokha.

MlongoWaMatawale
Agogo mwandilizatu. Koma ndifunse, matemba a ku Chilwa enieni akupezeka kuti masiku ano? Mumsika akumatigulitsa zina zowawa.

DadaWaKuJoni
Musatchule matemba chonde, ena tili kutali. Kuno ku Johannesburg tikalandira kapaketi kuchokera kumudzi timachita kubisa m'chikwama.

MsodziWakaleKachulu
Owawa ndi oyanika mochedwa kapena onyowa ndi mvula. Muzinunkhiza kaye musanagule, ndipo muzithyola limodzi muone m'mimba.

KabazaWaSongani
Ine otendera ndi nsinjiro, ndi nsima ya mgaiwa, ndiye mwandipha.

Woyang'aniraGulu
Abale, gulu la zophika lilipo lina. Tibwerere kwa Mayi Nachisale.

Namikango77
Ndakhala ndikungowerenga, ndimati ndisalembe. Koma a Chirunga akhudza pena pake pomwe ine pamandipweteka.

Nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, mvula inagwa masiku osalekeza. Nyumba ya mng'ono wanga inali ya zidina. Khoma linanyowa kuchokera pansi, usiku linagwera kuchipinda komwe kunagona ana. Wamkulu anatuluka ndi bala pamwendo. Wamng'ono, wa zaka 4, sanatuluke.

Pamaliro anthu anabwera ambiri, ndipo ndimawathokoza. Koma mawu ena omwe tinamva, abale, mpaka lero ndimawamvabe. Wina anati Mulungu akufuna kukuphunzitsani kanthu, mufufuze. Wina anapereka fanizo la mlimi wothyola duwa lokongola m'munda mwake. Wina ndiye anachita kuwerenga za nyumba yomangidwa pamchenga, pamaso pa mayi woti mwana wake ali m'bokosi. Mng'ono wanga kuyambira pamenepo sanapondenso kutchalitchi. Akuti ngati Mulungu amaphunzitsa ndi khoma, iye sukulu imeneyo wasiya.

Ndiye mukamati tipeze maphunziro m'zochitika za tsiku ndi tsiku, ine ndimachita mantha. Lichero chabwino. Nanga khoma?

MlongoWaMatawale
Pepani achemwali. Pepani kwambiri.

KabazaWaSongani
Ndasowa chonena mayi. Pepani.

MkuluWaMpingoWopuma
Mwana wanga Namikango, pepa, ndipo ukampepesere mng'ono wako m'malo mwa ife akuluakulu amene pakamwa pathu pamathamanga kuposa mtima.

Funso lako Ambuye analiyankha okha, ndipo anayankha za khoma lenileni. Pa Luka 13:4 akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha. Akufunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo akuyankha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Pamanda a Lazaro, ngakhale ankadziwa chomwe achite, analira.

Abwenzi a Yobu aja anachita bwino masiku 7 oyamba, pomwe anangokhala naye pansi osatsegula pakamwa. Atayamba kufotokoza chifukwa chake zamugwera, m'pomwe analakwa, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu akuwakalipira kuti sananene zoona za Iye. Ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, maliro ndayendetsa osawerengeka, ndipo ndikuvomera kuti fanizo la duwa lija nanenso ndinalinenapo ndili wachinyamata. Ndinkaona ngati ndikutonthoza. Mayi wina wofedwa anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti, "Bambo, munda wa Mulungu maluwa anatha kuti adzathyole langa limodzi lomweli?" Sindinalinenenso.

Ana a Chirunga anena zoona pang'ono. Khoma la zidina likamwa madzi masiku anayi limagwa, kaya m'nyumbamo mukugona wopemphera kaya wosapemphera. Mng'ono wako usamukakamize za tchalitchi. Uzingopita, uzimuchapira, uzikhala naye.

Namikango77
Zikomo bambo. Za nsanjayo sindinkazidziwa. Sindimuwerengera panopa, koma ndasunga.

WophunziraZaubusa
Bambo mkulu, izi m'kalasi sitinaphunzire motere. Ndalemba.

MayiWaMphakati
Ine ndine wa Katolika, ndilowe nawo. Achemwali a Namikango, chomwe ndingaonjezere n'chaching'ono. Chaka chatha ndinakhala milungu itatu ndikudikirira mayi anga kuchipatala. Amene munagonapo kumalo a odikirira odwala mukudziwa, utsi, mapoto akuda, aliyense ndi mafuwa ake, kumvetsera ngati akuitana dzina la wodwala wako. Sabata yachiwiri ufa unandithera, ndalama yomwe ndinkayembekezera sinabwere. Ndinakhala pakona ndi poto wopanda kanthu, kunamizira kutsuka kuti anthu asaone.

Pafupi nane pankaphika mayi wina wachisilamu wa ku Malosa, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao. Sitinkayankhulana kupitirira moni. Tsikulo sanandifunse kanthu. Anangotapa ufa m'thumba mwake ndi kambale, kawiri, n'kuthira m'poto wanga, n'kukankhira chikuni chake choyaka pa mafuwa anga. Anatero masiku anayi. Thumba lakelo linali laling'ono, ndinkaliona likutsika. Wodwala wake anamwalira usiku wina, m'mawa ndinapeza pamalo pake pali phulusa lokha, ndi kathumba kaja atandisiyira pansi pa poto wanga.

Ku mphakati tikamawerenga za mkazi wamasiye wa ku Zarefati pa 1 Mafumu 17, kapena za Msamariya, ine ndimaona nkhope ya mayi ameneyo. Dzina lake sindilidziwa. Sanandilalikire, mwinanso akanamva kuti ndikumutchula pa gulu la Akhristu akanaseka.

DadaWaKuJoni
Izi ndiye zoona. Kuno amene anandisunga mwezi woyamba sanali wa mpingo wanga.

Koma ine changa ndi phiri. Ndinakulira ku Sadzi, ukangotuluka m'nyumba phiri lili pamaso. Agogo anga m'mawa uliwonse ankati, "Ndikweza maso anga kumapiri, thandizo langa lidzera kuti?" Kuno ndikakweza maso ndimaona mawaya ndi nyumba zosanja. Ndikalisowa ndimatsegula Salmo 121 n'kumaona nkhungu ikutsika ku Chawe mwezi wa Juni.

WophunziraZaubusa
Achimwene, salmo lomwelo likuyankha kuti thandizo lichokera kwa Yehova wolenga kumwamba ndi dziko lapansi, osati kuphiriko. Ndikunena chifukwa ena akumakagona kuphiri poganiza kuti kumeneko netiweki ya kumwamba imagwira bwino.

DadaWaKuJoni
Abusa a mawa, musandilande phiri langa. Ndikudziwa kuti si Mulungu. Limangondikumbutsa.

MayiWaMphakati
Kwathu timawerenga kuti Chauta, osati Yehova.

MkuluWaMpingoWopuma
Ndi mabuku awiri a mawu amodzi, mayi. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, ndi lomwe limati Yehova. Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi, limati Chauta. Ine ndili nawo onse awiri. Loyera limamveka msanga, koma mavesi omwe ndinaloweza ku Sande sukulu amatuluka m'Chinyanja chakale chomwecho, sindingawasinthe.

MwanaWaChirunga
Poti mwatchula phiri, nali phunziro lomwe ine ndingavomere. Madzi omwe timamwa m'tauni muno mu Zomba amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Chilimwe chilichonse timaona moto ukuyenda m'phirimo usiku, mitengo ikutha, ndipo makala ake timagula ndife tomwe, tikuchokera kutchalitchi. Genesis 2:15 akuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Pamenepo sipafunika masomphenya.

KabazaWaSongani
Mwaonatu, nanunso mwalalikira. Tikupatseni kolala.

MwanaWaChirunga
Kkkk ndagwidwa. Koma makala ndimagula nanenso, magetsi akazima ndiphikira chiyani?

WampungaMumsika
Mayi Nachisale, mwina mpunga wa timiyalawo munagula kwa ine, pepani. Ine ndiulule zanga poti pano sitionana nkhope.

Ndimagulitsa mpunga ndi nyemba. Amene mumagula mumadziwa kuti timayeza ndi mbale kapena kachitini. Chomwe simudziwa n'choti ambiri tili ndi ziwiri. Yogulira kwa alimi ku Govala imakhala yakuya bwino. Yogulitsira timaigogoda pansi ndi mwala kuti itukuke pang'ono, ukaiona pamwamba ili chimodzimodzi. Ine ndinachita zimenezi zaka, ndipo Lamulungu ndinkaimba kwaya patsogolo.

Tsiku lina ndinatuma mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 5, kuti andigwirire pa benchi ndikupita kumaliro. Nditabwerera ndinapeza wagulitsa ndi mbale yogulira ija. Ndinamukalipira kuti wandiluzitsa. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, inayo ndi yopindika, ndimaona ngati yawonongeka." Anali asakudziwa kalikonse. Ndinakhala chete mpaka kunyumba. Palibe m'busa anandiwerengera Miyambo 11:1 za muyeso wonyenga, ndinakaipeza ndekha patapita masiku, koma mlandu unali utagamulidwa kale ndi mwana.

Sindinama kuti kuyambira pamenepo malonda anayenda bwino kwambiri ayi. Phindu linatsika ndithu, ndipo anzanga amandiseka kuti ndine abusa. Mbale yopindikayo ndinaisandutsa yomwera nkhuku.

MlongoWaMatawale
Mayi inu muli pa benchi iti, tizigula kwa inu?

WampungaMumsika
Ndikanena anzanga andithamangitsa mumsika kkkk. Muzingotembenuza mbale muone pansi pake musanagule.

MkuluWaMpingoWopuma
Taonani kusiyana kwake. Mayi a mpunga fanizo lawalasa okha. A msodzi lawadzutsa okha. Aja a pamaliro ankaponyera mnzawo. Mayi Nachisale, funso n'loti timiyala tija munkatola m'lichero mwanu kapena mwa azimayi anzanu?

NachisaleWaChinamwali
Bambo, mwandifunsa zovuta. Kunena chilungamo, pomwe ndinkatchula za miseche ija maso anga anapita kwa munthu wina wake, ndipo iye anaona kuti ndamuyang'ana. Si mayi wamkulu uja, koma ndi apongozi ake a mwana wawo.

KabazaWaSongani
Hoooo. Nkhani yayamba kumveka tsopano.

MwanaWaChirunga
Ndiye kuti ulaliki unali ndi adilesi.

NachisaleWaChinamwali
Musandiseke abale. Mawa ndipita kwa mayi wamkuluyo ndikamve bwinobwino.

Namikango77
Dzulo ndinapita kwa mng'ono wanga. Sindinatenge Baibulo, ndinatenga sopo ndi nsinjiro. Tinachapa, tinatendera nkhwani, tinadya. Pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu, chomwe sanachitepo chichitikireni zija. Za tchalitchi sitinakambe.

MayiWaMphakati
Muzipitabe achemwali.

NachisaleWaChinamwali
Ndabwerako. Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, anandipatsa mpeni ndithandize. Nditayamba kupepesa anandidula. Akuti fanizo la timiyala analikonda, moti anakawafotokozera bambo a kunyumba kwawo madzulo omwewo. Chomwe chinawanyansa ndi ziwiri. Choyamba, diso lija analiona, ndipo akuti guwa si malo obwezera. Chachiwiri, akuti ndinayankhula mphindi 40 pomwe tinali ndi odwala awiri oti tikawaone ku Chikanda, ndipo chifukwa cha ine tinakafika dzuwa litapendeka, wina atagona kale. Akuti vesi ndinaliwerenga kamodzi, mpunga ndinautchula kosawerengeka.

Andipatsanso mwezi wamawa, Salmo 139, mphindi 15. Kwa apongozi aja ndipita Loweruka, miyendo ikulemera koma ndipita.

WophunziraZaubusa
Mukawerenge salmo lonse kaye mayi, osati mavesi awiri okha.

KabazaWaSongani
Loweruka ndili pa siteji kuyambira 6 koloko. Ngati miyendo ikulemera ndikunyamulani, mabuleki ndi atsopano.